Mwala wa Timaso Tofiira

Lolemba
Ndautola! Mu mtsinje wa Marimba, pafupi ndi kamunda kanga ka chimanga. Wotuwa, wosalala, timaso tofiira ngati ta nkhunda. Ndendende miyala ya mu mtsinje wa Revubwe kwathu ku Angonia, yomwe a Naphiri, mkazi wanga, ankakwechera zidendene tisanathawe nkhondo. Ankati ndikawaike kwathu. Ine ndidawaika kumanda a ku Mbudzi, kuno ku Harare. Lamulungu mwalawu ukagona pamanda pawo, kwathuko kuwatsate.

Lachiwiri
Ndiyambe ndatsimikiza, a Naphiri sankanamizika. Kuunyowetsa: timaso tikuwala. Kuukanda ndi msomali: msomali wagonja. Kuunyambita: ayi, Marimba ndi Marimba, ndikulavulabe.

Lachitatu
Mai Chipo, eni nyumba, andipeza ndikuupukuta ndi mpango. Ndikuti, "Uwu, mayi, ukuposa ndalama." Maso awo tong'o! Kuiwala ine kuti pa Chishona ndarama ndi golide. Zaka zonsezi, pakamwa panga iwe!

Lachinayi
Kambuzuma yense, dera lathu lino, wamva. Amuna kumtsinje ndi mafosholo, masefa, wina bafa la mwana. Chimanga changa chagona pansi. Mai Chipo andipatsa tiyi wa mkaka, koyamba chilowereni m'nyumba muno. "Sekuru, agogo athu, musatiiwale." Ndikufotokoza za zidendene, akuseka, ati ndine wochenjera.

Lachisanu
Mkamwini wanga Tendai wafika ndi hamala. "Baba, tingoona mkati." Ndikukana m'Chichewa, ndikukana m'Chishona, ndikuyambanso za Revubwe kuti amvetse. Nkhani isanafike pamadzi, phwaa!

Loweruka
Zidutswa pa mbale. Mkati muli simenti, kawaya kadzimbiri, ndipo timaso tija ndi magalasi a botolo la mowa. Mpanda wa munthu udagwera mumtsinje, madzi n'kuusalaza. Tendai akuti sore, wasiya buledi. Tiyi lero kulibe. Kumtsinje akukumbabe, ati ndikuwabisira.

Lamulungu
Ndapitabe kumanda. Kombi ziwiri, maminibasi a kuno, chidutswa chachikulu m'thumba la jekete. Ndachiika kumutu kwa manda. "A Naphiri, si wakwathu uwu. Ngwa ku Kambuzuma, simenti ndi botolo. Musakwechere."
Ndiye ndikhale pansi, ndiwayendetse Revubwe ndi pakamwa, kuyambira kumtunda, dziwe ndi dziwe: la Mkuyu, la Atsikana, lomwe mudatayamo ndowa ya mayi anga. Lotsatira, lija tinkawolokera popita kwanu, dzina landithawa. Ndadikira, ndadikira.
Olidziwa ndi amene ndawakhalira pambaliwa.