Khoma Logwira la a Mbewe

Mwambi umene ndikufuna kukufotokozerani mumaumva kawirikawiri, ndipo ambiri a inu mumayesa kuti umanena za kanyama ka m'tchire. Ayi ndithu. Unayambira pa munthu wa miyendo iwiri ngati inu nomwe, pa Mitundu pompano, ndipo chiyambi chake n'chotere.

Pa khonde la sitolo ina pankakhala mkulu wina wosoka nsapato, dzina lake Elifala Mbewe. Anali wamfupi, wa timaso tothawathawa, ndipo munthu akawayang'anitsitsa ankabisa mutu m'mapewa. Anzawo a pamsika sanavutike kuwapezera dzina. Anangosintha chilembo chimodzi n'kumawaitana kuti a Mbewa. Iwo sankakwiya, chifukwa kukwiya kumafuna kutsegula pakamwa, ndipo imeneyo ndiyo ntchito imene inkawakanika.

Tsidya lina la msewu, pa khonde loyang'anizana ndi lawo, pankakhala telala wamkazi, Anachisale. Anali mayi wamasiye wa ku Ntchisi, wa nsangala, woseka ndi thupi lonse. Sizasi yawo ankaimangirira pa chingwe n'kuikoloweka m'khosi, mapini ali mbwee pa bulauzi, moti akamayenda unkawamva asanaoneke. A Mbewe ankawakonda mayi amenewa. Sindikunena chikondi cha anyamata a masiku ano chothera pa foni, ndikunena chija chouma nacho kukhosi. Zaka zinapita akusoka nsapato za anthu maso ali tsidya lina, mpaka zala zawo zinadzaza zipsera za singano.

Mtima ukawakulira, ankatenga lezala, n'kudula batani la malaya awo omwe, n'kuoloka msewu. Mawu abwino ankakhala atawakonza bwinobwino, koma akangoponda khonde la Anachisale mawu onse aja ankamira.

"Lathothoka," ankatero, maso ali pansi.

"Lathothokanso?" Anachisale ankafunsa akuseka. "Malaya anuwa amandiyendera kuposa abale anga. Khalani apo ndikusokereni."

A Mbewe ankakhala, n'kumamvetsera kulira kwa makina ndi mpweya wa mayiwo, akulakalaka ulusi utakodwa kuti ntchito ichedwe. Batani likalowa ankangoti zikomo n'kubwerera kwawo.

Tsiku lina Anachisale sanaseke. Analandira malaya aja, n'kulowetsa ulusi mu singano pang'onopang'ono.

"A Mbewe, achimwene anga akuti ndibwerere kumudzi," anatero. "Akuti mkazi wamasiye sakhala yekha kwa eni ngati chikwangwani. Mwezi uno ukatha atumiza galimoto idzanditenge ndi makina anga omwe."



"Ine ndawayankha kuti ndimva," mayiwo anapitiriza, akuwayang'ana m'maso. "Ngati kuno kulibe chondigwira, ndipita."

"Chokugwirani," a Mbewe anabwereza.

"Eya, bambo. Chondigwira."

Mawu amenewa ngakhale mwana wa sitandade wani akanawamva. Mayi anali atatsegula chitseko, n'kuyala mphasa, n'kuloza pokhala. Koma a Mbewe anangonena kuti, "Zikomo batani," n'kuoloka msewu.

Sabata yomweyo kunafika msuweni wawo Gidiyoni, wopenta nyumba ku Lilongwe, munthu wa pakamwa posatseka. Anabwera ndi zitini za penti zimene zinatsala pa ntchito ya pa sukulu ya mkaka ina, ndipo mwini sukuluyo anamupatsa. Anazitula m'nyumba ya a Mbewe.

"Undisungire, ndilibe poika," anatero. "Ukafuna upakeko m'khola lakoli, mwina mkazi n'kupezeka. Koma uyu si penti wamba, ndi wa maginito. Tanyamula umve kulemera. M'katimu muli fumbi la chitsulo. Umatakasa kwambiri, n'kupaka, akauma n'kupakanso, kangapo ndithu. Pamwamba pake umadzapaka penti wa mtundu umene ukufuna. Ukatero basi, khoma limagwira."

Mawu onse aja anadutsa ngati mphepo, koma lomalizalo linakola.

"Limagwira?"

"Zolimba. Ndaona ndi maso angawa. Ana amangoyandikiza tinthu tawo, tokha n'kukakamira pakhoma."

Apa panafunika funso limodzi lokha: limagwira chiyani? Funsolo linafika mpaka pa lilime. Koma a Mbewe anayang'ana pakamwa pa msuweni wawo, n'kuona msika wonse ukuseka dzuwa lisanalowe. Msuweni ndi msuweni, chinsinsi chako ndiye ndiwo zake. Anangogwedeza mutu ngati amva zonse, Gidiyoni n'kukwera minibasi kubwerera ku tauni.

Tsono inu a sukulu mukudziwa chimene a Mbewe sanadziwe. Penti ameneyu sakoka kanthu. Iye ndi chitsulo chabe chosungunulira m'chitini. Tinthu ta ana tija tinali ndi maginito kumbuyo, ndiye tinkakakamira. Khoma lotere silitambasula dzanja, limangoima phee kudikira kuti maginito abwere okha.

A Mbewe anawerengera mwawo. Maginito amakoka chitsulo. Anachisale amayenda ndi chitsulo m'khosi. Njira yawo yopita ku mjigo imadutsa kuseri kwa nyumba ino. Sizasi ikakokedwa, khosi litsatira, ndipo kumene kwapita khosi mwini wake sangatsale. Akadzangolowa m'nyumba, zolankhula sizidzafunikanso, khoma lidzakhala litanena kale. Kwa munthu wamanyazi, nzeru imeneyi inali yokoma kuposa uchi.

M'mawa mwake sanapite ku khonde. Anatsegula chitini, n'kutakasa ndi mpini wa tsache mpaka mkono kuwawa. Penti anali wakuda bii, wolemera ngati phala la dzulo. Anapaka khoma la kumbali ya njira, m'kati mwa chipinda, n'kukhala pa mpando kudikira.

Tsiku lotsatira anamva kulira kwa sizasi kuseri. Anaima, n'kukonza kolala. Anachisale anadutsa ndi ndowa yawo yachitsulo pamutu, osadzandira ngakhale pang'ono. Pobwerera anadutsanso, madzi osatayika ngakhale dontho.

A Mbewe anatenga kamsomali ka nsapato n'kukagunditsa pakhoma. Kanagwa pansi.

"Wachepa," anadziuza. "Paja Gidiyoni anati kangapo."

Anapakanso. Atauma anapakanso. Msomali unkagwabe. Anaganiza kuti khoma limodzi ndi chala chimodzi, sichiswa nsabwe, choncho anapaka makoma onse, ndi kumbuyo kwa chitseko komwe. Msomali osamva. Kenako anayang'ana zenera n'kudziguguda pachifuwa: mphamvu ikuthawira apa. Analitseka ndi makatoni, n'kupaka penti pa makatoni pomwepo. Za penti wowala wa pamwamba uja anazikana. Iwo anati kumeneko n'kufunditsa bulangeti mphamvu yomwe ukuifuna.

Nyumba inada masana ngati una wa mbewa. Fungo linali loboola m'mutu. Penti anawadontha m'tsitsi, m'makutu, m'ndevu, ndipo sopo ankangoterereka pamwamba. Nsapato za anthu zinaunjikana ku khonde zopanda wosoka, eni ake akutukwana. Kutuluka kukagula chakudya ankachita mozemba, chipewa atachikokera kumaso.

Musawaseke kwambiri, chifukwa m'mdima umenewo munali munthu wosungulumwa. Pangodya ina anasesa bwino, n'kuchotsa katundu yense, kuti pakhale malo a makina osokera. Ankakhala n'kumayang'ana pangodyapo. Ankaona Anachisale akupalasa makina m'mawa, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi. Ankadzimva iwo eni akulankhula momasuka, akufunsa za ku Ntchisi, za mvula ya kumeneko, za ubwana wa mayiwo, zonse zimene kwa zaka ankafuna kufunsa. M'maganizo mwawo anali munthu wa nkhani zambiri. Akadzidzimuka ankapeza ali okha ndi bulashi m'manja.

Ku khonde kuja Anachisale ankakweza maso pa makina n'kuona mpando wa a Mbewe uli wokha. Masiku oyamba anati mwina akudwala. Atamva kuti anthu amawaona akugula mabanzi mothamanga, anati ndiye kuti yankho lawo ndi limeneli, andithawa. Anayamba kumanga katundu.

Mwezi unatha. Tsiku la ulendo, dzuwa lili pamutu, a Mbewe anamva galimoto ikuima pamsewu pafupi ndi nyumba yawo. Kenako anamva sizasi. Sinadutse kuseri monga mwa masiku onse. Inkabwera molunjika, kulira kwake kukukulirakulira, mpaka inaima pakhomo penipeni.

"Lagwira," a Mbewe ananong'ona. "Khoma lagwira."

"Odi, a Mbewe."

Anatambasula dzanja kuti atsegule. Kuwala kolowera pansi pa chitseko kunagwera pa dzanjalo, ndipo analiona mmene linalili, lakuda ngati la wootcha makala. Anayang'ana malaya, anayang'ana makoma, anakumbukira ndevu. Mayi waukhondo ngati ameneyu aone zimenezi? Afunsa kuti n'chiyani, ndiye ndidzati chiyani? Dzanja linabwerera lokha. Anadzilimbitsa mtima kuti khoma lomwe lawakoka kuchokera kumsewu silingalephere kagawo katsalaka. Chofunika n'kungokhala chete, lizimalize lokha.

"A Mbewe, ndikudziwa muli m'katimo," Anachisale anatero. "Nsapato zanu zili pakhomo pano, ndipo mukupuma ngati mwathamanga."

A Mbewe anagwira mpweya.

"Makina anga ali m'galimoto. Ndawapempha adalaivala kuti aime pang'ono, ndati pali munthu sindinatsanzikane naye." Kenako anapitiriza kuti, "Ine ndine telala, bambo. Ulusi woduka wokha ndimaudziwa, wodulidwa ndi lezala ndimaudziwanso. Mabatani onse aja ndinkaona. Ndinkasoka mosalimbitsa dala, kuti musavutike podula."

Misozi inatsika pa masaya a a Mbewe, ikulambalala penti.

"Sindikufuna zambiri. Sindinafunse za nyumba, kaya ndi yotani. Mungonena kuti musapite, basi. Ndikatsitsa makina aja pompano, achimwene ndikalankhula nawo ndekha."

Mawu ake ndi amodzi, ana inu, ndipo ngakhale wachibwibwi amawatha. A Mbewe anatsegula pakamwa. Milomo inayenda, lilime linayenda, koma mawu anakakamira pakhosi ngati mbatata youma. Anatembenukira khoma n'kulikankha ndi manja onse awiri, akulipempha mumtima kuti likoke, likoke kamodzi kokha. Khoma linangoima phee, monga mwa chikhalidwe chake.

Kumsewu hutala inalira. Anachisale anadikirabe. Inaliranso, motalika.

"Chabwino," anatero pomaliza, mawu atatsika. "Tsalani bwino, a Mbewe. Malaya muzipita nawo kwa telala mnzanga, a Jailosi, amasoka bwino nawonso."

Sizasi inayamba kulira ikutalikira. A Mbewe anaimirira pomwepo akumvetsera mpaka chitseko cha galimoto chinatsekedwa ndipo injini inadzuka. Pamenepo m'pamene mawu aja anatuluka, amphamvu, ogwedeza malata.

"Musapite!"

Anawamva ndi makoma okha. Pomwe ankatsegula chitseko n'kuthamangira kumsewu, ali bii kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, galimoto inali itakhota kale, kwatsala fumbi. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anayamba kuthawa poyesa chilombo, kenako atawazindikira anaseka mpaka kugwirana mapewa. Koma ataona nkhope yawo bwinobwino, kuseka kuja kunazima kokha.

A Mbewe sanafe tsiku limenelo, anakhala zaka zambiri akusoka nsapato pa khonde lomwe lija, moyang'anizana ndi khonde lopanda munthu. Ku Ntchisi sikutali, minibasi zimapita tsiku lililonse, koma mukuwadziwa kale munthu wake. Chimene chinatsala m'kamwa mwa anthu ndi zimene amayi a tomato aja anamva galimoto isananyamuke. Akuti Anachisale atabwerera okha, adalaivala anasuzumira pa zenera n'kufunsa kuti, "Bwanji mayi, simunawapeze? Kapena kwagwa zovuta m'nyumbamo?"

Anachisale anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anakwera, anakhala bwino, n'kuyankha kuti:

"Tiyeni tizipita, bambo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna."