Thobwa la Pansi pa Bedi

Ine sindikonda nkhani zokokomeza, ndiye ndiyambe ndi kukonza zimene anzanga akhala akufalitsa. Thobwa lija silinafike kudenga. Linangofika pa babu la magetsi, ndipo babulo linali lolendewera.

Chaka changa chachiwiri pakoleji ku Domasi ndinapeza malo mu hositelo ina yapadera, imene ankatisakaniza ife Amalawi ndi ophunzira ochokera kunja kuti tiziphunzitsana zikhalidwe. Malowo anali olimbirana: madzi sankavuta, chipinda chinali cha anthu awiri okha. Lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo matroni athu, Mayi Chikopa, amene analinso a Mvano kutchalitchi kwawo, ankalinena osaseka: womwa mowa muno anyamule chikwama chake tsiku lomwelo. Ine kwina kokagona ndinalibe.

Mnzanga wa m'chipinda anali Tesfaye wa ku Ethiopia, munthu waulemu amene anaphunzira kunditchula "achimwene" sabata yoyamba yomweyo. Mwezi uliwonse tinkakhala ndi tsiku la zikhalidwe, aliyense kubweretsa cha kwawo. Tesfaye anati adzaphika khofi atavala chovala choyera chimene amayi ake anamulukira. Ine ndinati ndibweretsa thobwa. Kodi ndinali nditaphikapo thobwa? Ayi. Ndinakulira m'tauni ku Blantyre, thobwa ndinkangoligula m'mabotolo. Koma ndinali nditawerenga za kaphikidwe kake, ndipo munthu wowerenga amavuta kumuuza.

Ndinagula chimera cha mawere pa Songani n'kuimbira foni azakhali anga a ku Malosa.

"Uphike phala, lizizireko, uthire chimera, ligone," anatero. "Mawa lake uwiritsenso, basi anthu amwe. Wamva iwe? Amwe, osati usunge."

Ndinamva. Pofika Lachinayi thobwa linali litapsa, ndinathiramonso shuga wambiri kuti alendo asachite tsinya. Lachisanu m'mawa tinangomva kuti mwambo wasunthidwa kufika sabata yotsatira, chifukwa akuluakulu a koleji akufuna kudzaonera nawo. Nanga ndilitaye? Ndinalithira m'chigubu, kutseka mwamphamvu kuopa nyerere, n'kukankhira pansi pa bedi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo inu amene mukudziwa kutentha kwa chigwa cha Domasi mwayamba kale kuseka.

Patapita masiku, Tesfaye anasuzumira pansi pa bedi.

"Achimwene, chigubu chanu chanenepa."

"Ndi mmene limakhalira," ndinayankha.

"Chikuliranso."

Chinkaliradi, ka phokoso ngati tayala la njinga lobooka. Munthu wanzeru akanamasula chitsekerero pang'ono kuti mpweya utuluke. Ine ndinakapempha mphira kwa a kabaza pageti n'kumanga pakamwa pake mpaka phokoso linatha. Ndinakhutira kuti vuto ndathana nalo.

Tsiku lija linakwana. M'holo munadzaza, akuluakulu atakhala kutsogolo, Mayi Chikopa pakati pawo atavala duku latsopano. Mtsikana wa ku Mozambique anavina, anyamata a ku Zambia anaimba, Tesfaye anakazinga khofi wake pa mbaula holo yonse n'kununkhira, chovala chake chili mbee. Kenako anaitana ine, ndipo Tesfaye anaima pambali panga atagwira makapu.

Ndinalankhula bwino, zimenezo musandimane. Ndinafotokoza kuti thobwa ndi chakumwa cha paukwati, cha kumunda, cha ana ndi akulu, chopanda chiwawa chilichonse. "Ngakhale abusa amamwa," ndinatero, Mayi Chikopa n'kugwedeza mutu kuvomereza. Ndinawonjezanso kuti thobwa salithira osaligwedeza, chifukwa zokoma zimakhala pansi. Ndiye ndinanyamula chigubu chija, cholimba ngati mpira, ndinachikhutchumula ndi manja awiri pamaso pa anthu onse, n'kuyamba kumasula mphira.

Mayo ine! Chitsekerero sindinachione kumene chinapita. Ndinangomva phuu, thobwa lili m'mwamba. Pofuna kupulumutsa Tesfaye ndinatembenuza chigubu, chikaloza akuluakulu. Pofuna kupulumutsa akuluakulu ndinachibweza, chikaloza Tesfaye. Ndinatseka pakamwa ndi chikhatho, ndipo amene munatsekapo mpopi ndi chala mukudziwa chimene chinachitika: amene anali kumbuyo, amene akanapulumuka, nawonso analandira gawo lawo.

Chovala cha Tesfaye chinali chitasanduka cha khaki, timadontho ta mawere tili mbali zonse. Ndipo fungo! Fungo limenelo si la paukwati wa kutchalitchi ayi. Linali la kuseri kwa msika, kumene abambo amakhala pa mabenchi Loweruka masana.

Mnyamata wina wa ku Japan, amene ankajambula zonse pafoni, anakweza dzanja mwaulemu. "Kodi kuwaza alendo ndi mbali ya mwambo?"

Mayi Chikopa anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, ananunkhiza chala chawo.

"A Mandala," anandiitana, "mwati ichi ndi chiyani?"

"Linali thobwa, mayi."

"Linali."

Ndinayamba kuwerenga m'mutima katundu wanga, kuganiza ngati angakwane m'chikwama chimodzi. Tesfaye, thobwa likudontha m'ndevu, anayesa kundithandiza. "Mayi, achimwene sanalaweko. Ine ndine mboni, ankangolimanga."

Mayi Chikopa anayang'ana holo yonse, anayang'ana akuluakulu akupukutana mataye, milomo ya mayiwo ikunjenjemera ngati munthu wofuna kuseka pamaliro.

"Lamulo langa limaletsa kumwa mowa," anatero. "Apa sindikuona amene wamwa. Tonse tasamba."

Holo inaphulika kachiwiri, tsopano ndi chiseko. Bedi langa linapulumuka. Ndinakolopa holo ndekha, ndipo chovala cha Tesfaye ndinakachichapa kumtsinje wa Domasi mpaka manja kuyera, koma mpaka lero akuti chikanyowa chimakumbuka. Azakhali nditawauza anangoti, "Ndinati chiyani ine?" n'kudula foni.

Chichokereni tsikulo, akati aliyense abweretse cha kwawo, ine ndimabweretsa mtedza wokazinga. Ndawerenga mabuku ambiri, sindinapezemo mtedza umene unaphulikira matroni.