Khomo Lathu Lafupika, Bwana Manijala

Kanyama Komboni,
Moyang'anana ndi chibini chanu,
Lusaka.
Okutobala, 2001.

Kwa Bwana Manijala Wamkulu,
Tasesa Kale Limitedi,
Oona za zinyalala ndi ngalande za m'dera lathu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire kuti munthu wamba ngati ine ndikukulemberani kudzera m'nyuzipepala. Ndinayesa kufika ndekha ku ofesi kwanu, koma mlonda wa pachipata anandiyang'ana kumapazi n'kundiuza kuti muli pa msonkhano wa zaukhondo, ndipo nsapato zanga sizikugwirizana ndi mutu wa msonkhanowo. Sindinamutsutse, chifukwa ndinali nditadutsa pafupi ndi chibini chanu cha zinyalala.

Dzina langa ndine Idris Majidi. Ndinabadwira m'Kanyama muno, kwa bambo amene anachokera ku Malawi kudzasoka zovala. Ndinkagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu pa kampani ina ya boma. Kampaniyo itagulitsidwa anatipatsa tindalama totsanzikira ndi malangizo akuti tsopano aliyense adziyimire payekha. Anzanga anagula masuti ndi mawailesi aakulu. Mkazi wanga Mwanaima, amene mutu wake umayenda mofulumira kuposa wanga, anati ife tigule filiji. Tinagula yaikulu, yogona chogona, ija yotsegukira pamwamba ngati bokosi la zovala, ndipo inalowa pakhomo pathu bwinobwino osakhula ndi utoto womwe. Mukumbukire zimenezi, Bwana, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepa.

Kuyambira tsiku limenelo Mwanaima amasungunula shuga ndi juwisi m'madzi, n'kuthira m'timapulasitiki, n'kuumitsa m'filijimo. Awa ndiwo maayisi amene timagulitsa pa kantemba, kasitolo kathu ka kutsogolo kwa nyumba. Ana a sukulu, makondakitala a minibasi ndi amayi ochokera ku msika amaluma kakona, n'kuyamwa, n'kutaya. Ndi maayisi amenewa timadya, timavala, ndipo mwana wathu Hanan akupita ku sukulu.

Cholinga cha kalata ino n'kuthokoza. Makolo anandiphunzitsa kuti wosayamika salandira kawiri, tsono ndiloleni ndiyale zabwino zanu chimodzichimodzi.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha kutentha. Ndikudziwa kuti simunakubweretse ndinu. Munafotokoza nokha chaka chatha pa bwalo la mpira, muli pansi pa tenti ife tili padzuwa, kuti nyengo yasintha pa dziko lonse ndipo kampani yanu ilibe mlandu. Tinamva ndithu, ndipo amene anakomoka musanamalize kulankhula tinawafotokozera atatsitsimuka. Kuno masana malata amalira okha, makandulo amawerama osayatsidwa, nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mtengo wa mthunzi womaliza mu msewu wathu unapita ku mbaula kalekale. Ena amadandaula, koma kwa ife a maayisi Okutobala ndiye masika. Zimene timapeza mwezi ngati uno ndi zimene timadya mpaka nyengo yozizira itatha.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha chibini. Munachibweretsa ndi ulemu wonse, ndi gulu la malipenga ndi masikipa olembedwa kuti Kanyama Waukhondo. Chidzadzire sabata yoyamba ija, lole yanu sinabwerenso kudzachisokoneza, ndipo ine ndikumvetsa: chinthu chopatsidwa ndi mtima wonse sachilanda. Lero chinamera papaya, tomato ndi dzungu. Aminibasi anapanga siteji n'kuitcha Pa Chibini, ndipo mlendo sasocheranso pofuna kwathu, timangomuuza kuti atsatire mphuno.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha mapulasitiki. Kale amayi athu ankavutika kupita ku msika ndi dengu, botolo la mafuta lili m'manja. Boma litamasula malonda, manja athu nawonso anamasulidwa. Mchere m'pulasitiki, ufa wophika kamodzi, umene kuno timautcha pamela, m'pulasitiki, tomato mmodzi m'pulasitiki, ndipo ukagula pulasitiki yaikulu amakuikira m'yaing'ono kuti isade. Mphepo ikaomba mawaya a magetsi ndi mipanda zimachita maluwa a mitundumitundu osathirira. Pamenepa, Bwana, inu ndi ife tili pa bizinesi imodzi. Ife timatulutsa timapulasitiki, inu munasaina kuti muzitola. Mbali yathu sitinajombepo. Mwanaima anafika pomangirira thumba pa kantemba kuti ana azitayamo, ndipo likadzadza ine ndimalisenza kukakhuthula pamwamba pa chibini chanu. Ndikamabwerera ndimapeza timapulasitiki tija tafika kale kunyumba, tikundidikira pakhomo.

4. Ndikuthokoza koposa chifukwa cha ngalande. Imadutsa kuseri kwa nyumba yathu, ngakhale mlendo sangadziwe kuti ilipo. Mwaisunga bwino kwambiri, yadzadza mapulasitiki mpaka m'milomo, moti anthu amayendapo ngati pa matiresi ndipo palibe mwana amene angagweremo. Amuna a mu msewu uno tinayesapo kuifukula ndi makasu ndi mafosholo. Tinaunjika mulu pambali kudikira lole yanu. Mulu unadikira, unatopa, n'kubwerera kwawo.

Tsono mvula ya masiku ano simukuisowa. Kale inkabwera mwaulemu, pang'onopang'ono, anthu n'kumaidziwa masiku ake. Lero imayamba yabisala mpaka tonse titapsa, kenaka n'kukhuthula ya mwezi wathunthu masana amodzi. Pansi pa Kanyama ndi thanthwe, madzi alibe kolowera. Amapita ku ngalande, amapeza malo atatengedwa, ndiye poti madzi si munthu wokonda mikangano, amangobwera kudzagona m'nyumba zathu.

Ife a kuno sitithamangira kulira. Walira mvula walira matope. Tili ndi njira yathu imene mwina ku mayadi simunaimve. Madzi akalowa m'nyumba chaka chino, mvula ikangotha timagula mabuloko ndi simenti n'kumanga mzere umodzi pakhomo penipeni, kuchokera mphuthu iyi kufika iyo. Chitseko chimatsegukira mkati, choncho sichidandaula. Chaka chotsatira ngalande yanu imakhala itakhuta koposa, madzi amakwera, amadumpha mzere uja, ife n'kuwonjezera wina. Aliyense mu msewu uno amatero. Munthu wodziwa akhoza kungoyang'ana pakhomo n'kukuuzani kuti kampani yanu yatitumikira kwa nthawi yaitali bwanji.

Changa chipupa tsopano chandifika m'chiuno. Ndinamanga masitepe kunja ndi ena mkati, koma denga silikwera nawo, ndiye khomo lafupika. Wolowa kwathu amakwera, amapinda msana, amalowetsa mutu, n'kutsika chobwerera m'mbuyo. Zimenezinso zabweretsa madalitso. Oledzera amene ankasochera n'kulowa m'nyumba za eni analeka. Shehe wathu atabwera kudzationa ananena kuti sanaonepo nyumba imene imaphunzitsa kudzichepetsa msanga chotere. Apongozi anga, amene ali ndi thupi ndithu, masiku ano amapereka malangizo awo ali panja, ndipo amafupikitsa.

Zonse zinali bwino mpaka sabata yoyamba ya mwezi uno. Dzuwa lili paliwombo, ana ali pamzere, filiji inabuula kawiri n'kukhala chete. Pofika madzulo maayisi onse anali atabwerera ku madzi. Ndinathamangira ku Matero kukatenga Obed, mmisiri wa mafiliji. Anakwera masitepe, anapinda msana, anagwada pambali pa filiji n'kuimvetsera ngati sing'anga. Atadzuka anati, "Ba Idris, iyi filiji siinafe, yakomoka chabe na kupya. Koma ifunika ku shopu, na chisulo chake chichokela ku Joni."

Ndinasangalala kumva kuti ili moyo. Ndinaitana anzanga kuti tiinyamule. Apa ndi pamene Obed anatulutsa chingwe m'thumba, anayeza filiji, anayeza khomo, anayezanso filiji, n'kukhala pansi kuyamba kuseka. Tinaitembenuza chogona, chagada, choimirira, koma ayi. Zaka zonsezi ndimati ndikutsekera madzi kunja, osadziwa kuti ndikutsekera filiji mkati. Zenera ndi laling'ono ndipo lili ndi zitsulo zotchinga akuba. Wina anati tisasule denga, koma malata athu ndi a dzimbiri lokhalokha, chimene chikuwagwira ndi miyala ndi chifundo cha Mulungu. Yatsala njira imodzi, kugumula chipupa.

Mwina mukuti, gumula nanga, udzamanganso. Ndi nzeru yabwino, yoyenera munthu wa mu ofesi. Koma filiji ikatuluka iyenera kudzalowanso, ndiye khomo liyenera kukhala pululu mpaka itabwera. Obed akuti sabata imodzi. Sabata ya Obed timaidziwa tonse. Mnansi wathu ba Philomena anamupatsa chitofu ali ndi pakati, chinabwera mwana akukwawa. Chitsulo cha filiji chija chikudikira wamalonda wina amene akapita ku Joni amabwera akafuna. Pamene ndikulemba pano mitambo yayamba kusonkhana madzulo cha kum'mawa, ndipo mawondo a achikulire ayamba kulosera. Ndikagumula, khomo langa lidzakhala likudikira alendo awiri, filiji ndi madzi, ndipo mu msewu wonse uno palibe amene akukayika za amene adzayambe kufika. Ndikamanganso msanga, filiji idzachira n'kukhala panja moyo wake wonse. Ndikapanda kugumula, tidzakhala m'nyumba youma bwino, tikuyang'ana bokosi lakufa, masika athu akudutsa.

Apa, Bwana, ndiloleni ndichotse chipewa cha nthabwala pang'ono. Ndili ndi mantha. Mwanaima amadzuka m'mawa uliwonse n'kupukuta filiji ija ngati ikugwira ntchito. Ana a sukulu amafikabe pa kantemba, amasuzumira, n'kupitirira kukagula kwina, ndipo iye amawatsatira ndi maso mpaka atakhota. Zimenezi zimandipweteka kuposa dzuwa. Dzulo anandibwerekera hamala kwa ba Philomena, anaiika pa sitepe n'kunena kuti, "Batate bake Hanan, gumulani. Manzi yakangena tizakapa na beseni, koma njala sibakapa."

Akunena zoona, monga mwa masiku onse: madzi akalowa amakapidwa, njala ayi. Komabe dzanja langa likulemera, chifukwa ndikukumbukira chaka chija madzi anatifika m'mawondo, mabuku a Hanan akuyandama pamodzi ndi zonse zimene zimbudzi za m'komboni zinasunga. Ndipo chimene chimandiseketsa ndekha n'chakuti ngalande ija ikanakhala ngalande, sipakanakhala chipupa, sipakanakhala hamala, ndipo inu simukanavutika kuwerenga kalata yaitali chotere ya munthu wosaphunzira.

Musaope, sindikupempha kuti mutumize lole. Ndamva kuti ili ndi ntchito yaikulu yonyamula mipando ya misonkhano ya zaukhondo, ndipo sindingafune kuti ukhondo uyime chifukwa cha ine. Sindikupemphanso kuti mufukule ngalande yonse, pakuti chinthu chimene mwachisunga zaka zonsezi chiyenera kuti mumachikonda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife a Kanyama tadekha mpaka nkhonozo zabwera kudzakhala nafe m'nyumba.

Pempho langa ndi laling'ono. Bwerani mudzatichezere mvula isanagwe, hamala isanagwire ntchito. Mudzatsike Pa Chibini, simudzasochera. Maayisi tilibe, koma Mwanaima adzakuphikirani tiyi, mudzakhale pa filiji pomwepo poti tsopano ndiye mpando wathu wa alendo. Mudzamuyang'ane m'maso mayi ameneyu, inu amene mumadziwa za nyengo ya dziko lonse, n'kumuuza mawu amodzi okha: tigumule kapena tisagumule. Chimene mudzanene tidzachita, ndipo chimene chidzatsatire tidzachitcha dzina lanu.

Ndikuchenjezeni chabe za khomo. Anthu amanena kuti chiyambire ntchito imeneyi simunaweramepo, ndipo ine ndimawakalipira kuti msana wa munthu wamkulu si wopinda wamba. Koma kwathu kulibe njira ina yolowera. Mudzakwera masitepe, mudzapinda msana, mutu udzatsika mpaka maso adzaona pansi. Musadzachite manyazi, ife tazolowera, timatero m'mawa ndi madzulo chifukwa cha inu. Pansi pamenepo mudzaona timapulasitiki tambirimbiri titagona pa sitepe. Poti mudzakhala mutawerama kale, Bwana, mudzatoleko kamodzi.

Ine wanu wopinda msana polowa ndi potuluka,

Idris Majidi,
Mwamuna wake wa Mwanaima wa maayisi,
Nyumba ya khomo lalifupi, Kanyama.