Kaseti Yomaliza ya ku Joni

Lolemba

Sukulu tatsekera, ana a eni ake apita, ndiye sabata ino ntchito ndi imodzi basi: kuchotsa mawu a malemu bambo mu kaseti n'kuwalowetsa mu kompyuta chinyezi chisanawamalize. Kasetiyo ndi imodzi yokha. Amayi aitulutsa pansi pa sutikesi, yokulungidwa mu duku.

Mbiri yake andifotokozeranso ngakhale ndikuidziwa. Bambo ali ku migodi ku Joni sankalemba kalata, poti amayi sukulu anangoidutsa panja. Ankayankhula mu kaseti n'kupatsira anzawo obwera kumudzi. Amayi akamvera, ankajambula yankho pa kaseti yomweyo n'kuibweza. Mawu a uyu kufufuta a uyo, zaka zonsezo. Iyi yokha sinabwerere chifukwa eni ake anabwera okha. Anabwera ndi chifuwa, ndipo ine ndisanayambe sukulu anali atatisiya. Nkhope ndimaidziwa pa chithunzi. Mawu ndiye ayi, sindiwakumbukira, ndipo zimandipweteka.

Zida:
- laputopu yobwereka kwa mnzanga wa ku Sharpevale, akuifuna Lolemba likudzali
- wailesi ya kaseti ya malume
- mabatire
- bolopeni yobwezera tepi
- ine, katswiri

Malume akuti wailesi yawo ili bwinobwino. Ndikutsegula kachitseko kake, mphemvu mbwee! Banja lonse, ndi azilamu omwe.

Achemwali aimba kuchokera ku Blantyre. "Ukamaliza unditumizire pa foni." Ndawauza kuti Lachitatu zikhala zitatheka. Kantchito kochepa aka.

Lachiwiri

Ndapalasa njinga mpaka pa Kandeu kukagula chingwe cholumikizira wailesi ndi laputopu. Wogulitsa akulumbira, "Ichi chimalowa pa wailesi iliyonse, aphunzitsi." Ndagula.

Kufika kunyumba, mbali imodzi yalowa mu laputopu bwinobwino. Mbali inayi ndiilowetse pati? Ndatembenuza wailesi kutsogolo, kumbuyo, pansi. Palibe bowo! Safunsa anadya phula.

Malume akudabwa kuti ndikudabwa. "Bowo la chiyani? Ya ku Joni imeneyo, siidontha."

Chabwino. Njira ina ilipo: kuika laputopu pafupi ndi sipika, izimvera yokha ngati munthu. Chofunika n'chakuti m'nyumba mukhale zii. Ndayesa ndi kaseti yakale ya kwaya ya malume, yaimba mpaka kumapeto osavuta. Ndikati ndiyambe zenizeni, laputopu yathima. Kuno magetsi timawaonera patali. Ndabwereranso pa Kandeu kukatchaja kwa ometa. Miyendo ikuwawa.

Chingwe chija amayi amangira thumba la mbatatesi. Akuti n'cholimba.

Lachitatu

Zonse zili m'malo. Wailesi patebulo, laputopu moyang'anizana nayo, amayi pamkeka. Ndawapempha mwaulemu kuti asayankhule. Avomera. Ndadina.

Phokoso ngati mvula pa malata, kenako kutsokomola, kenako mawu. "Ndine aNgozo kuno ku Joni. ANambewe, mwadzuka bwanji kumeneko?"

Mayo ine! Mawu aang'ono, opyapyala, othamanga. Ine zaka zonsezi ndimaganiza kuti bambo anali ndi besi. Ndisanapume n'komwe, kumbuyo kwanga:

"Tadzuka bwino, kaya inu aNgozo?"

Amayi! Agwada n'kugwada komwe.

Ndiye choseketsa n'chakuti bambo nawonso akudikira. Akafunsa funso akusiya mpata, tepi ikungoyenda, ngati akudziwa kuti kuno kuyankhidwa. Ana ali bwanji? Mpata. Amayi akutchula mmodzimmodzi, ndi zidzukulu zomwe bambo sanazione. Denga munafolera? Mpata. "Tinaika malata, inu kulibe." Afika pa nkhani ya ng'ombe imene akuti igulitsidwe, apo ndiye yavuta. "Ndinakuuzani kale, ng'ombe imeneyo ine sindigulitsa!" Ng'ombe yoti inafa ine ndili mu sitandade wani.

Ndayesa kuwakodola. Ndayesa kuika chala pakamwa. Andiyang'ana ngati ndine amene ndikusokoneza. Mtima wandipsa, ndatuluka, ndasiya makina akujambula mpaka kaseti yatha yokha. Ndakhala pa chitsa ndikumva amayi akuseka m'nyumbamo. Sindinawamvepo akuseka choncho.

Komabe fayilo yaonongeka. Mawa ndibwereza.

Lachinayi

Ndani wauza mudzi? Malume, ndithu. Ndikutuluka m'bafa, pakhonde padzaza. Akuti amva kuti aNgozo akuyankhula.

Zimene zalowa mu fayilo ya lero:
- "Odi! Odi kuno!"
- tambala
- moni wa bambo, ndi anthu onse kuyankha pamodzi ngati mu tchalitchi
- mwana wa eni ake kulira
- malume kufotokozera anthu zimene bambo angonena kumene, pamwamba pa zimene akunena tsopano
- tambala yemweyo

Pali agogo ena a kutsidya, amuna awo aPhiri anapita ku Joni nthawi yomweyo osabwerako. Akhala pakhomo penipeni, khutu kutsogolo. Bambo potchula anzawo akuti, "APhiri ndinawaona, ali bwino." Agogowo angoti, "Eya," n'kudzuka kumapita. Pamenepo palibe wayankhula. Malo okhawo ndi amene amveka bwino mu fayilo yonse.

Tisanafike n'komwe pakati, mabatire ayamba kufooka. Mawu a bambo akukokeka, akunenepa, akuzandima. Besi ija ndimaifuna yapezeka, koma ya munthu wochokera ku mowa. Ana akugubuduka ndi phwete. Amayi akwiya. "Zimitsa! Munthu ameneyu mowa sanaulawepo!" Malume akuyang'ana kudenga.

Achemwali aimbanso. "Lachitatu lija silinafike?" Ndawauza kuti netiweki ikuvuta.

Lachisanu

Ndamvera chiyambi cha mafayilo onse awiri. Manyazi! Ndingatumize zimenezi ku Blantyre, ine mphunzitsi? Bambo akumveka ngati mlendo pa msonkhano wa eni ake. Ndafufuta onse. Ndalowanso mu kabini ka zinyalala ka mu laputopu n'kukhuthula, kuti ndiyambe poyera. Ntchito ikafuna ukhondo imafuna ukhondo.

Ndakhala nawo pansi amayi. Ndafotokoza kuti makinawa amatola chilichonse, kuti ndikungofuna mawu a bambo okha, oyera, oti adzamve ndi adzukulu. Amvetsera mpaka ndamaliza.

"Ndiye munthu andipatse moni, ine ndingoti duu? Mwamuna wanga? Iwe ndinakulera ine kapena unakulira kutchire?"



Koma nzeru zilipo. Mawa m'mawa amayi akupita kukasesa ku tchalitchi ndi anzawo. Malume ndawatuma kuti mawa apite ku Bwanje kukafunsa mtengo wa mpunga umene sindikufuna kugula. Mabatire atsopano ndagula. Laputopu yadzaza. Ometa andilangiza kupukuta mutu wa wailesi, kachitsulo kowerenga tepi, ndi thonje lonyowetsa mu sipiriti. Sipiriti kulibe, malume abweretsa kachasu m'kabotolo. Thonje lamwa madontho, zotsalazo akuti sizingabwerere kwa mwini wake.

Mawa ndiye mawa!

Loweruka

Mbuzi ndakazimangirira kudimba. Tambala ndamuvindikira ndi dengu kuseri kwa nkhokwe. Chitseko ndatseka, mawindo ndatseka. Nsapato ndavula. Zii weniweni.

Ndadina. Kutsokomola kuja. "ANambewe, mwadzuka bwanji kumeneko?"

Mpata.

Koma abale, mpata umenewu ndi wautali bwanji popanda woyankha! Tepi ikungoti sii. Bambo akudikira, m'nyumba muli ine ndekha, ndagwira pakamwa. Ana ali bwanji? Sii. Denga? Sii. Zoyera ndithu, monga ndimafunira, koma zikundimvetsa chisoni. Ndatsala pang'ono kuyankha ndekha.

Afika pa ng'ombe. "Tsono ng'ombe ija, ine ndikuona kuti..." Mawu apotoka, alira ngati mwanapiye, kenako khwe khwe khwe. Ndazimitsa. Kutsegula kachitseko, tepi yatuluka yonse, yakulungana pa kagudumu ka mkati ngati matumbo a nkhuku.

Ndakoka pang'onopang'ono ndi bolopeni. Yaduka. Ndabwereka kyutekisi wopaka zikhadabo kwa aneba kuti ndilumikize. Pogwira, zofiirira za pa tepi zikutsalira m'zala zanga, tepi ikutsala yoyera mbee, yoonekera kuseri. Ndikalumikiza apa, ikuduka apo. Kuthamanga kwa masiku atatu kwaikwana, nkhalamba ya tepi.

Ndaimbira mwini laputopu, mwina mafayilo aja angabwerere. "Unakhuthulanso mu bini? Aaa, ndiye pepa, achimwene."

Lachitatu ndinali nayo yonse, kuyambira moni mpaka kutsanzika. Yonse! Ndinaitaya ndekha ndi chala changa chifukwa munali amayi. Kumapeto kwake sindinakumve n'komwe, ndinali pa chitsa ndikufufuma ngati finye.

Amayi abwera akuimba nyimbo ya ku tchalitchi. Afunsa chifukwa chake tambala ali mu dengu. Za kaseti sindinanene. Malume abwera ndi mtengo wa mpunga.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Pobwera ndangotenga kaseti ndi zinyenyeswa zake, ndaika pa duku paja, ndagwada. Ndanena zonse.

Amayi ayang'ana nthawi yaitali. Agwira katepi kamodzi, akasiya. Ndimayembekeza mkuntho. Angoti, "Chatsalacho tiyike timve."

Ndayatsa laputopu, ndatsegula fayilo ya dzulo. Bambo apereka moni, amayi ayankha. Ana, ayankha. Denga, ayankha. Lero sindikuwaletsa, ndingayambire pati? Pa ng'ombe mawu aduka.

"Apo palibe chataika," akutero amayi, "zinali zopanda nzeru." Kenako akhosomola monga amachitira bambo, apyapyalitsa mawu, n'kupitiriza pomwe tepi yalekera. Ng'ombe igulitsidwe. Malume abweze khasu. APhiri ali bwino. Bulangete likubwera ndi galimoto ya mwezi wa mawa. Mawu ndi mawu, ndi potsokomola pomwe. Akuti chaka chimene inabwera ankaimvera tsiku lililonse mpaka mabatire kutha.

Ndathamangira kudina kuti ndijambule. Laputopu yaphethira kamodzi, yathima. Dzulo ndinaiwala kutchaja. Mawa ikupita kwawo. Achemwali alandira moni ndi theka la ng'ombe, akalalata alalate.

Ndangokhala pansi pamkeka. Amayi sanaone n'komwe kuti makina afa, akupitiriza, maso ali pa khoma.

"Tsono kamnyamata kanabadwa ine kulibe kaja, kabweretseni pafupi ndi wailesi. Iwe! Ndine bambo ako. Ukundimva?"

Asiya mpata. Ndikudikira kuti apitirize, sakupitiriza. Atembenuka, akundiyang'ana.

"Nthawi ija unangoyamwa chala. Lero uli ndi ndevu. Yankha."

Ndayankha.