Nkhope Yanga Kuseri kwa Phewa la Mlamu

Lolemba

Minibasi ya ku Lusaka yandisiyira katundu pa Katete. Mwana wanga Esinati watumiza mapepala atatu, tiburashi ndi timabotolo ta penti. Akuti kutauniko atenga chithunzi cha ukwati wake n'kuchidula timagawo, kagawo kalikonse ndi nambala yake. Ukaona 5, upakapo penti ya 5. Ukamaliza, chithunzi chatuluka.

Mapepalawa ndi oyesera: la mitundu 12, la 24, la 48. Ndisankhe limodzi pofika Lamulungu, kuti asindikize chachikulu pansalu, chopachika pabalaza.

"Atate, tengani la 12. Maso anu mukuwadziwa."

Ndikuwadziwa. Chithunzicho ndikuchidziwanso. Pakati, pampando, pali mlamu wanga a Gidiyoni, malume a mkwatibwi. Ine wobala mwanayo ndili kumbuyo, theka la nkhope kuseri kwa phewa lawo. Mkamwini! Ndinachoka ku Vubwi tsitsi lili bii, mpaka lero pamudzi pano ndine mlendo.

Lachiwiri

Ndayala mapepala pakhonde, ndikudzifunafuna.

La 12: mulibemo. Pamene ndinaima alembapo 3, nambala ya khoma la tchalitchi.

La 24: ndilimo, koma ngati mbatata yovala chipewa.

La 48: ndilimo! Khutu, diso limodzi, kolala ya malaya.

A Gidiyoni alimo monse mutatu, ndi mimba yomwe.

Ndikutenga la 48. Sukulu ndinalekera panjira, inde, koma kuwerenga mpaka 48 sikufuna satifiketi. Ndidzipaka ndekha, ndi dzanja langa, aliyense wolowa m'nyumba muno aone kuti mwanayo ali ndi atate ake.

Lachitatu

Timagawo ngati njere za mapira. Manambala ake ngati mazira a nsabwe. Ndabwereka magalasi a amake Esinati, aja owerengera Baibulo, ndipo akundifinya m'makutu.

Dzanja likunjenjemera. Khasu silinandinjenjemeretsepo, koma kaburashi!

Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo ndamaliza khutu limodzi. Lokongola ndithu. Amake Esinati akudutsa ndi lichero, aima, asuzumira.

"Khutu la alongo anga mwalikongoletsatu."

Ndayang'ananso. Ndi lawodi.

Lachinayi

Burashi ndi yonenepa kuposa nkhope yanga. Ndayesa:

nthenga ya nkhuku, ikumwaza;
kamtengo ka machesi, kakudontheza;
munga, waboola pepala pakolala.

Dzulo ndinaiwala kutseka botolo la 17, lomwe ndi khungu langa. Lauma gwa. Ndathiramo madzi, ndavundula, ndapaka. Nkhope yayenderera n'kutsikira pajekete ya a Gidiyoni.

Pamene ndikulimbana ndi zimenezi, mbuzi zanga zili m'dimba la eni, zikudya repu. Ndathamanga ndi magalasi achizimayi pamphuno. Mudzi wonse waona.

Lachisanu

Esinati pafoni: "Zikuyenda, atate?"

"Bwino kwambiri."

Bodza, ine mkulu wa mpingo.

Ndabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuyesa la 24. Silinavute, ola limodzi basi. Mbatata yatuluka. Amake Esinati aigwira patali, aipendeketsa, akuti mukakwiya mumaoneka chonchi ndithu.

Sindinadye nawo masana. Njala yandibweza madzulo.

Loweruka

A Gidiyoni abwera panjinga, osaitanidwa. Aitanidwe ndi yani, mudzi ndi wawo.

"Alamu, mwayamba sukulu ya mkaka?"

Atenga la 48 osapempha. Avala magalasi awo, apukuta nkhope yanga pajekete yawo ndi kansanza konyowa. Asakaniza mapenti awiri pachivindikiro, 17 wabwerera. Munthuyu anaphunzitsa zaka makumi atatu, dzanja linazolowera timabokosi ta m'kaundula. Silinjenjemera n'pang'ono pomwe.

Ndikudikira kuti alakwe. Ndikupempherera kuti alakwe.

Pofika masana ndatuluka. Diso langa lenileni, khutu langa, ngakhale chipsera cha pamphumi chomwe ine sindinachione n'komwe pakati pa manambala.

"Ichi ndi cha ngolo ija inagubuduka, eti? Ndinakuberekani ine kumsana mpaka kumsewu. Munali wolemera ngati thumba la chimanga chonyowa."

Zoona. Ndinali nditaiwala dala.

Ndafunafuna cholakwika mpaka njinga yawo yazimiririka. Palibe. Zowawa!

Lamulungu

Ulaliki wa lero sindinaumve. Potuluka ndamuimbira Esinati.

"La 48."

"Mukwanitsa, atate?"

"Amalume ako akwanitsa."

Waseka mpaka foni yaduka.

A Gidiyoni akuti nsalu ikafika azibwera Loweruka lililonse mpaka ithe. Ntchito yanga: kutsuka maburashi, kutseka mabotolo, kuingitsa mbuzi. Choncho pabalaza ndidzaoneka, ndipo mlendo aliyense akadzafunsa, adzauzidwa amene anandipaka.

Amake Esinati akuti Loweruka lililonse pazikhala nkhuku, wojambula sagwira ntchito ndi ndiwo zamasamba. Ndapita kukhola kukawerenga. Nkhukuzo ndi zanga.