Matabwa Oyenda Patsogolo pa Bwana Wapampando

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yokopa Alendo,
Tauni yanu yokongola ya kuphiri.

Wolemekezeka Bwana,

Ndikudziwa kuti mukaona kalata yaitali chonchi mtima umayamba kugunda, poganiza kuti wabweranso wina wodandaula za kuzizira, za chifunga, kapena za anyani amene anamulanda chakudya pakhonde la hotelo. Khazikani mtima pansi. Chifunga si chanu, anyani sali pansi pa komiti yanu, ndipo ine sindikulemba kudzadandaula. Ndikufuna kuthokoza. Poti ndine munthu wochedwa kufika pa mfundo, mundipirire ndifotokoze kuchokera pachiyambi.

Bambo anga anali dalaivala wa basi. Moyo wawo wonse wa pantchito ankanyamula alendo kubwera nawo m'tauni mwanumo. Akafika padepoti, alendo ankatsika ndi makamera awo n'kukwera kumalo oonerapo chigwa, pamwamba paja, Bambo n'kutsala m'basi kulondera zikwama. Madzulo anthu ankabwerako akusimba kuti kumeneko dziko lonse limaoneka ngati wina waliyala pansi. Bambo ankangogwedeza mutu n'kuliza injini. Phiri lanu amalidziwa makona ake onse ndi pofunika giya yoyamba, koma pamwamba pake sanapondepo.

Chaka chatha anadwala sitiroko. Mutu uli bwinobwino, lilime ndiye lawonjeza kuthwa, koma miyendo inakana. Tsopano amayenda pa njinga ya olumala, imene iwo amaitcha kabasi. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anabwera ndi kabuku kanu kokopa alendo. Bambo anakagwira nthawi yaitali akuyang'ana chithunzi cha pachikuto: mkulu wa imvi ali pa njinga ngati yawo, bulangete pamaondo, akumwetulira pamwamba penipeni pa phiri, m'munsi mwake mawu akuti tauni yanu ndi ya aliyense. Sananene zambiri. Anangofunsa kuti sukulu zitsekera liti. Ife tinamva. Tinagwirizana kuti tchuthi chikubwerachi tipite tonse, ndipo adokotala anatiuza mosapsatira kuti ngati pali ulendo umene tikuufuna, tisaukankhire chaka chamawa.

Bambo anaika lamulo limodzi lokha. Anati: "Ine ndanyamula anthu zaka zonsezi. Asakandinyamule munthu ngati thumba pamaso pa zidzukulu zanga. Pomwe kabasi kakalekeze, inenso ndikalekeza pomwepo."

Amuna anga sakhulupirira chithunzi chilichonse chimene anthu ake akumwetulira, choncho anati ndiyambe ndapita ndekha ndikaone. Ndinadula chingwe chofanana ndi mulifupi mwa kabasi, kuchokera tayala ili kufika tayala ilo, n'kuchiika m'chikwama, n'kukwera basi. Zimene ndinaona ndi zimene zandichititsa kutenga cholembera.

Choyamba, ndithokoze chifukwa cha ofesi yanu yolandirira alendo. Chizindikiro cha njinga ya olumala mwachimata pachitseko, pamwamba pa masitepe, kuti munthu amene wakanika kukwera azichiona bwino ali pansi n'kudziwa kuti mumamuganizira. Mayi amene amakhala mu ofesiyo anandilandira ndi manja awiri. Ndisanamalize n'komwe funso langa, anali atayankha kale kuti palibe vuto. Ndinafunsa za mahotelo, palibe vuto. Za zimbudzi, palibe vuto. Ndinafuna kudziwa ngati akundimvadi, ndiye ndinawauza kuti Bambo sayenda mpang'ono pomwe. Anandigwira dzanja mwachifundo nati mphepo ya kuphiri imachiritsa, ambiri amabwera chokwawa n'kubwerera akuthamanga. Muwakweze pantchito mayi ameneyo, Bwana. Adokotala athu anaphunzira zaka zambirimbiri koma zimenezi sanazitulukire.

Chachiwiri, hotelo imene ofesi yanu inandilozera. Chipinda cha olumala chilipodi, ndachiona ndi maso anga. Chili m'mwamba. Amanijala anandifotokozera kuti anachiika kumeneko dala, chifukwa anthu oterewa amakhala nthawi yaitali pawindo, ndiye ayenera kupatsidwa windo looneka bwino. Nditafika pachitseko cha bafa ndinatulutsa chingwe changa n'kuchitambasula chopingasa, ndipo chinakana kulowa. Amanijala sanatekeseke. Anachitenga m'manja mwanga, n'kuchipinda pang'ono pakati, n'kuchilowetsa, n'kundiyang'ana ngati mwana amene wamuthandiza samu yovuta. Ndinawakumbutsa kuti njinga ndi yachitsulo. Anati iwo akhala pantchitoyi nthawi yaitali ndipo sanalandirepo dandaulo lililonse kuchokera kwa munthu wa pa njinga amene anagona m'chipindacho. Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse.

Chachitatu ndi chachifupi. Pamsewu waukulu, pafupi ndi malo ogulitsira zosemasema, pali njira yotsetsereka ya simenti, yokongola, yokhayo m'tauni monse. Ogulitsa ayalapo ziboliboli kuyambira pamwamba mpaka pansi, poti pamalo opendekeka katundu amaoneka bwino. Ndinasangalala kuona kuti chinthu chimene munamanga chikugwira ntchito.

Tsopano ndafika pa chachinayi, ndipo apa ndipempha mukhale pansi, chifukwa ndikukhulupirira kuti zimene ndinene simukuzidziwa.

Njira yopita kumalo oonerapo chigwa ndi masitepe okhaokha a miyala, okhotakhota. Sindinawawerenge, mpweya unali utandithera. Mlonda wa pageti anandiuza kuti okalamba ndi odwala amawakhazika pampando wa mitengo, amuna amphamvu n'kuwasenza pamapewa akuimba, ndipo alendo ena amakonda kwambiri kujambula zimenezi. Ndinamuuza lamulo la Bambo. Anandimvera chisoni, nati ndiye ndalakwitsa tsiku, ndikanabwera tsiku la Bwana. Ataona kuti ndangoti kakasi, ananditengera kwa mkulu wina amene aliyense m'tauni amamutcha a Matabwa.

A Matabwa ndi kalipentala wa komiti yanu. Ndinawapeza m'chimbudzi cha olumala, chimene ndinali nditachipeza chokhoma m'mawa. Ndi momwe amasungiramo katundu wawo, chifukwa ndi chipinda chokhacho chokhala ndi chitseko chachikulu. M'menemo muli matabwa aatali, opalidwa bwino, opakidwa utoto wofanana ndi simenti. Anandifotokozera ntchito yawo monyadira, ndipo inenso ndikufotokozereni pang'onopang'ono monga anandifotokozera.

Ofesi yanu ikaimba foni kuti mukubwera kudzayendera tauni, a Matabwa ndi anthu awo amayala matabwa pamwamba pa masitepe, kuyambira padepoti. Koma matabwawo ndi ochepa, sangakwanire njira yonse. Ndiye inu mukangodutsa, iwo amazula a kumbuyo kwanu, n'kuthamanga nawo kuseri kwa mashopu, n'kukawayala kutsogolo musanafike. Mwina mwakhala mukudabwa chifukwa chake pa kona iliyonse mumakumana ndi munthu wofuna kukupatsani moni wautali, kukufunsani za kunyumba, kukuonetsani maluwa, kukumwetsani tiyi musanamve ludzu. Si chikondi chokha, Bwana. Akudikira matabwa. Mayi wa palibe vuto uja ndiye amaima pa kona yovuta kwambiri, poti iwo akayamba kulankhula munthu sachoka msanga.

Ndinafunsa chifukwa chake sangowasiya matabwawo poyalidwa kuti anthu aziyendapo masiku onse. A Matabwa anandiyang'ana ngati ndanena zamwano. Anati: "Mayi, anthu akamapondapo tsiku lililonse matabwawa atha. Nanga akatha, Bwana adzayenda pati?"

Tili mkati mokambirana, ndinaona mkulu wina wa imvi akutsika masitepe chothamanga, atasenza matabwa awiri paphewa. Nkhope yake sinali yachilendo. Ndinatulutsa kabuku kanu n'kuyang'ana pachikuto. Anali yemweyo. A Matabwa anati ameneyo ndiye waliwiro kuposa onse m'gulu lawo, ndipo anamusankha kukhala pachithunzi chifukwa cha imvi zake. Njinga imene anakhalapo ndi ya komiti, imakhala m'chimbudzi momwemo itakulungidwa pulasitiki. Matayala ake akadali ndi timinyanga ta kufakitale. Mkuluyo anandipatsa moni mwaulemu, nati ngati ndikufuna atha kusayina pakabukupo, alendo ambiri amapempha.

Musaganize kuti ndikukuimbani mlandu. Munthu amene paliponse pamene waponda pamakhala posalala angadziwe bwanji kuti padziko pali masitepe? Mukamaima pamaso pa anthu n'kunena kuti tauni yanu ndi ya aliyense, simunama, mumanena zimene mapazi anu akuuzani. Chikho chimene chili mu ofesi yanu, cha tauni yosamala anthu onse, munachilandira ndi mtima woyera. Ndamva kuti amene anabwera kudzayendera asanakupatseni chikhocho anamwa tiyi wambiri kwabasi, ndipo anachoka akuyamikira kuti anthu a kuphiri amadziwa kupereka moni. Ndikungoona ngati chikhocho chikanakhala bwino m'chimbudzi muja, pafupi ndi eni ake.

Nditabwerera kunyumba ndinafotokoza zonse tili patebulo. Poyamba anthu anaseka. Amuna anga anaseka mpaka kutsamwa, n'kumandikumbutsa zimene ananena za zithunzi. Bambo nawo anamwetulira pa nkhani ya chingwe, nati manijala ameneyo akanakhala kondakitala bwenzi basi ikunyamula mudzi wonse. Koma nditafika pa mkulu wa pachikuto, anasiya kudya. Anapempha kabuku kaja, n'kukayang'ananso, n'kukatembenuza chafufumimba patebulo. Kenako anati ife tipite, ana asaphonye tchuthi chifukwa cha iwo.

"Ine nditsala ndilondere nyumba," anatero. "Kulondera katundu wa anthu opita kuphiri ndinakuzolowera."

Palibe amene anasekanso. Mwana wanga wamkazi, amene anabweretsa kabukuko, anadzuka n'kukadzitsekera kuchipinda, ndipo mpaka lero akuti iye ndiye anawanamiza agogo ake. Amuna anga akuti popanda Bambo sapita aliyense. Bambo akuti tikapanda kupita chifukwa cha iwo, ndiye kuti tawasandutsa katundu ngakhale sitinawasenze. Ine ndili pakati. Sukulu zatsala pang'ono kutsekera, ndipo jekete limene Bambo anandituma kuti ndikachapitse, lokavala pamwamba paja, likadali pachitseko cha chipinda chawo. Sindinalichotse, iwonso sananene kuti ndilichotse.

Ndiye ndili ndi mapempho awiri, Bwana, onse aang'ono.

Loyamba silikudyerani kanthu. Mutiuzeko tsiku limene mudzayendere tauni yanu. Tidzafika m'mamawa n'kukudikirani padepoti, ndipo mukadzanyamuka tidzayenda kumbuyo kwanu, pafupi kwambiri, matabwa asanazulidwe. Amuna anga adzakankha, ana adzakhala chete, sitidzalowa m'chithunzi chilichonse. Mukaima kumwa tiyi, ifenso tidzaima. A Matabwa anati iwo alibe nazo vuto bola tisatsalire, chifukwa anthu awo akangoona msana wanu sayang'ananso kuti pathabwa pali ndani. Ndinawafunsa Bambo ngati angavomere kukwera phiri mwa njira yotereyi. Anati kuyenda kumbuyo kwa galimoto ya akuluakulu si kunyamulidwa, ndi kudziwa msewu basi.

Lachiwiri ndi limene ndikulikonda, ndipo ndikulipereka mwaulemu wonse. Muyeseko nokha. Bambo avomera kukubwerekani kabasi kwa tsiku lathunthu. Tsiku limenelo iwo adzakhala pabedi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, poti alibe kena, koma akuti kwa munthu wamkulu ngati inu atha kupirira. Musaimbe foni. Musavale suti imene anthu anu amaidziwa. Mukwere basi ngati ife, mutsikire padepoti, mukhale pa kabasi, muyambe ulendo wopita pamwamba. Bambo akuti ndikuuzeni kuti buleki ya kumanzere imachedwa kugwira, potsetsereka muzikhotera kukhoma osati kumsewu, ndipo muvale magolovesi chifukwa manja a mu ofesi sachedwa kutuluka matuza.

Sindikudziwa kuti mukafika pati. Koma pomwe kabasi kakaime, musafulumire kuitana munthu kapena kutchula udindo wanu. Mukakhale pomwepo kanthawi, mukayang'ane m'mwamba kumene anthu ena akukwera ndi ana awo. Mukakatero mundiyankhe funso limodzi, chifukwa ine landikanika: Bambo ndiwauze alongedze, kapena ayi?

Ndine wanu wodzichepetsa, amene akuyembekezera yankho lanu mwachidwi,

Mwana wachisamba wa dalaivala wopuma pantchito.