Tsiku Limene Ndinathawa ndi Nsalu ya Wometa

Mpaka lero ndikamadutsa ku Old Town ndimayenda chozolika, ngakhale ambiri amene anandiona tsiku limenelo anatisiya kale.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ine ndili kalaliki ku Capital Hill. Mnzanga wa mu ofesi anatengedwa m'mawa wina ndi amuna awiri, jekete lake n'kutsala pampando. Palibe anafunsa. Kuyambira pamenepo thupi langa linayamba zachilendo: mtima kugunda ngati uthyola nthiti, mpweya kuperewera, manja kuzizira. Ngakhale kunyumba kwanga ku Area 15 ndinkakhala m'mphepete mwa mpando ngati mlendo.

Loweruka lina ndinapita kukameta kwa Che Amidu, pafupi ndi msika (masiku amenewo tsitsi likakhudza kolala unali mlandu, ndipo ine milandu sindinkaifuna). Atandimanga nsalu m'khosi n'kumeta mbali imodzi, munalowa amuna awiri ovala masuti, n'kukhala kumbuyo kwanga. Pagalasi ndinaona mmodzi akundiloza.

"Ndi awa?" anafunsa.

Nsalu ija inasanduka chingwe. Ndinadzambatuka, n'kugubuduza beseni, ulendo panja. Ndinadutsa pakati pa amayi ogulitsa tomato, nsalu ikuuluka kumsana, mutu uli mbali imodzi mbee (ana anabalalika poyesa kwatuluka gule). Ndinakabisala kuseri kwa sitolo ina. Ndinakhala pansi kudikira imfa kapena amuna aja, chilichonse chimene chikanayamba kufika.

Amene anafika ndi Che Amidu, ali wefuwefu, sizasi ili m'manja. Anati amuna aja anali mkwati ndi womuperekeza, ndipo ankangofunsa ngati ndinali womaliza pamzere. Ndinayembekeza kuti aseka, koma sanaseke. Anakhala pambali panga n'kundiuza kuti ndikoke mpweya pang'onopang'ono, ndiutulutse ngati ndikuuzira phala la mwana. Tinapuma limodzi mpaka mpweya wanga unabwerera. Kenaka monong'ona anati mng'ono wawo amateronso chibwerereni kumene anamutsekera.

"Musamazisunge nokha, bambo. Kawauzeni mayi kunyumba."

Anandimaliza kumeta pomwepo, nditakhala pabokosi.

Kapumidwe kaja ndinakagwiritsa ntchito, ndipo kandipulumutsa kambirimbiri. Koma nditafika kunyumba, mkazi wanga atafunsa chimene chinandifiiritsa maso, ndinati malungo. Ulamuliro uja unatha, ife takalamba, koma zikandigwira iye amathamangirabe kukatenga kwinini, ine n'kumeza.